Kompyuta Isanatuluke

"Wailesi yatha mabatire!"

Anakuwa choncho anali Pulofesa, ndipo chipinda chonse cha makompyuta chinafa ndi phwete. Ena ankamenya matebulo, ena kuimba mluzu. Wailesi anali chiimire pafupi ndi bolodi, choko chili m'manja, makutu akumutentha. Dzinali anamupatsa anzake atangoyamba sekondale, chifukwa nkhani iliyonse ya pasukulupo inkayamba kumveka pakamwa pake. Mtsikanayo ankalikonda dzinalo, koma tsiku limenelo linamulasa.

Mkangano wake unali wa kompyuta. Kampani imene inapanga makompyuta a m'chipindamo, zimabokosi zakuda zija zolira ngati chigayo zikatentha, inali italengeza kuti mwezi wotsatira itulutsa kompyuta yatsopano ya patebulo. Sinanene kuti idzaoneka bwanji. Inangoonetsa chinthu chovundikira ndi nsalu, basi anthu n'kuyamba kulosera. Ena ankati bokosi lichepa. Ena ankati sikirini idzakhala yopindika. Panalinso ena oti kiyibodi ithetsedwa, munthu azidzangoyankhula nayo kompyutayo. Aphunzitsi ataona kuti ana a kalabu ya makompyuta sakukamba china, anawalola kuti Lachisanu limenelo atsutsane poyera.

Pulofesa anali mnyamata wamtali, wa magalasi okhuthala, amene sankayankhula asanawerenge. Iye anati bokosi lichepa kufika ngati sopo wochapira, koma likhalabe lakuda. Wailesi anabwera ndi chithunzi chimene anachipeza pa intaneti, cha sikirini yopindika ngati uta. Anachijambula pa bolodi, n'kufotokoza mokoma mpaka ena anayamba kugwedeza mitu. Apo mpamene Pulofesa anadzutsa foni yake n'kuonetsa kuti chithunzicho anachipeka mwana wina wa kunja pongosewera, ndipo mwiniwakeyo anavomera kale.

"Ndiye tiuze," anatero Pulofesa phokoso litachepa, "iweyo nkhani zako umazimva kwa ndani? Kapena umangozitola pa msewu?"

"Ndili ndi munthu wanga wodziwa," Wailesi anayankha msanga, pakamwa patatsogola mutu.

"Ndani?"

"Sindingamutchule. Koma Lolemba muona umboni."

"Tamva tonse," anatero Pulofesa akuloza anzake. "Lolemba. Ukalephera tikusintha dzina, ukhala Chigubu, chongolira m'kati mulibe kanthu."

Onse anasekanso. Wailesi anabweza choko patebulo la aphunzitsi. Munthu wodziwa analibe, ndipo umboni sankadziwa kokautenga.

Kunyumba ankakhala anthu atatu: iye, amayi ake, ndi mkulu wake. Mkulu wakeyo ankagwira ntchito pa kampani yosindikiza mabuku ndi zikwangwani, ndipo ntchito yake inali yokonza maonekedwe a zinthu zisanapite ku makina. Anali munthu wosayankhulayankhula, wosiyana kutali ndi mng'ono wake. Amayi ankakonda kunena kuti pobadwa ana awiriwa, wamkulu anatenga makutu, wamng'ono n'kutenga pakamwa.

Masabata amenewo mkuluyo ankabwera ku nyumba maso ali psuu ndi kutopa. Wailesi akamufunsa chimene akukonza, yankho linali limodzi.

"Anatilumbiritsa. Ukangotsegula pakamwa, ntchito yatha."

"Ngakhale kwa ine, achemwali?"

"Makamaka kwa iwe," ankatero akumukoka tsaya.

Loweruka masana mkuluyo anatulutsa laputopu ya kuntchito m'chikwama, n'kuiika pa tebulo la pabalaza. Tebulolo linali loyalidwa nsalu ya pulasitiki ya zithunzi za malalanje, yomwe pakona pake panapsa ndi simbi. Anatembenuza laputopuyo kuti sikirini iloze ku khoma, n'kukhala pa mpando wopanikizika pakati pa tebulo ndi kabati.

"Kodi amalola kubwera nayo kuno imeneyo?" anafunsa amayi akudutsa ndi beseni.

"Salola, amayi. Koma ntchito ikufunika Lolemba m'mawa, ndipo nthawi yandithera. Palibe adziwe."

Wailesi anali kukhitchini akutsuka mbale, mutu uli pa Lolemba lomwelo. Anali atafufuza pa foni mpaka maso kuwawa, koma zonse zimene ankapeza Pulofesa anali ataziona kale. Ankaganiza zonamizira kudwala. Ankaganizanso zosiya kalabu. Dzina loti Chigubu linkamveka m'makutu mwake ngati munthu akuligogoda.

Mwadzidzidzi denga linayamba kulira. Mvula inabwera yopanda chenjezo, madontho akuluakulu.

"Zovala!" anakuwa amayi ali panja. "Tabwerani mundithandize, zovala zanyowa!"

Mkuluyo anadzambatuka, chifukwa pachingwe panali malaya ake a kuntchito. Anathamangira panja osatseka laputopu. Wailesi naye anapukuta manja kuti atsatire, koma podutsa pabalaza anaona kuwala kwa sikirini kukugunda khoma. Anaima. Anangofuna kusuzumira pang'ono, kuti aone chimene chikumusowetsa tulo mkulu wake.

Anasuzumira.

Chinali chikwangwani chotsatsa malonda, chosamalizidwa. Pamwamba panali chizindikiro chomwe chija cha pa makompyuta a kusukulu. Pakati panali kompyuta imene munthu aliyense pa intaneti anali asanailote. Bokosi panalibiretu. Zonse zinali mkati mwa sikirini yopyapyala ngati galasi la pawindo, itaima pa mwendo umodzi. Pamwamba pake panali chogwirira, choti munthu n'kuinyamula ngati chikwama. Ndipo sinali yakuda. Inali yobiriwira.

Panja amayi ndi mkulu wake ankaseka, akulimbana ndi bulangete lolemera. Foni inali m'thumba la siketi. Anadziuza kuti sangatumize kwa munthu, adzangomuonetsa Pulofesa yekha, kamodzi, kenako n'kufufuta. Chithunzi chimodzi chingaphe ndani? Anatulutsa foni, n'kujambula, n'kuibweza m'thumba. Kenako anatuluka panja kukalandira zovala.

"Iwe umabwera nkhondo itatha," anatero mkulu wake akumuveka thaulo lonyowa kumutu. Wailesi anayesa kuseka, koma kuseka sikunabwere bwino.

Lolemba pa nthawi yopuma, Pulofesa ndi gulu lake anamuzungulira kuseri kwa chipinda cha makompyuta.

"Tabwera kudzabatiza Chigubu," anatero mnyamatayo.

Wailesi anatulutsa foni n'kumuonetsa, ataigwira zolimba. Pulofesa anakankhira magalasi m'mwamba, n'kuyandikira. Anzake anayamba kukankhana kuti aone nawo.

"Kompyuta ya chogwirira ngati ndowa?" anatero Pulofesa pomaliza. "Yobiriwira? Iwe wapeka wekha."

"Sindinapeke!"

"Nanga ukubisiranji? Tumiza pa gulu la kalabu, tichikulitse, tione ngati n'chenicheni. Chinthu choona sichiopa maso."

"Munthu wanga anandiletsa."

"Munthu wako kulibe," anatero Pulofesa akutembenuka. "Anyamata, tiyeni. Chi-gu-bu!"

"Chigubu! Chigubu!" analandira anzake, akuwomba m'manja.

Atsikana a kalasi ina amene ankadutsa anaima n'kuyamba kuseka. Magazi anamukwera kumutu Wailesi. Chala chinapita chokha. Foni za anzake zinalira pamodzi m'matumba, ndipo kuimba kuja kunatha.

Pulofesa anachikulitsa chithunzicho, kuchitembenuza uku ndi uku. "Ichi si chopeka," anatero motsitsa mawu. "Taonani timizere ta m'mphepetemu. Ndi ta anthu osindikiza. Iwe, wachitenga kuti chimenechi?"

Wailesi anangotukula mapewa n'kumapita, anzake akumutsatira pambuyo ngati katswiri wa mpira. Masana onsewo dzina lake linali pakamwa pa aliyense. Anasangalala ndithu, koma chisangalalocho chinali ngati chakudya chotentha chimene wameza chisanapole.

Poweruka anafufuta chithunzicho pa gulu. Zinali zochedwa. Wina anali atatumiza kwa msuweni wake, msuweniyo kwa anzake a kukoleji. Pofika Lachiwiri m'mawa, chithunzi chinali pa masamba a intaneti okamba za makompyuta, a m'zinenero zoti Wailesi sankatha n'kuwerenga komwe. Anthu ankatsutsana za chogwirira chija. Ena ankati n'chanzeru, ena ankati n'chonyansa. Ena ankafunsa kuti waulula ndani.

M'kalasi tsiku limenelo palibe chimene Wailesi anamva. Aphunzitsi a masamu anamufunsa funso kawiri, iye maso ali pawindo. Mnzake wokhala naye desiki anamugunda ndi chigongono.

"Watchuka dziko lonse, ndiye ukukhala ngati waferedwa bwanji?"

Atafika kunyumba anapeza chitseko chili chotsegula, nsapato za mkulu wake zili pakhomo. Dzuwa linali likadali pamutu, ndipo mkuluyo sankaweruka nthawi imeneyo. Wailesi anaima pakhonde. Kenako analowa.

Mkulu wake anali pa mpando, akadali m'malaya a kuntchito, maso atatupa. Amayi anali chiimire pambali pake, dzanja lili paphewa la mwana wawo.

"Kwagwanji?" anafunsa Wailesi, mawu akutuluka ang'onoang'ono.

"Ntchito ija imene ndimakubisira yaululika," anatero mkuluyo. "Inali ya kompyuta yatsopano ija mumaikamba kusukulu. Wina wajambula chikwangwani changa n'kuchimwaza pa intaneti. Eni kompyuta aimba foni m'mawa, akuti atilanda ntchito yonse. Abwana anachita kugwetsa kapu ndi mkwiyo."

"Nanga akudziwa bwanji kuti n'chako?" anafunsa amayi.

"Aliyense ntchito yake imakhala ndi kachizindikiro kake pakona. Kanga kakuoneka bwinobwino." Anapukuta mphuno ndi kansalu. "Anandiitana pamaso pa anthu onse, n'kundifunsa kuti ndani wina amaona sikirini yanga. Amayi, ndikanati chiyani? Amene amakhala pafupi nane ndi Namaluwa yekha."

Wailesi ankamudziwa Namaluwa. Anali mnzake wa pamtima wa mkulu wake, mtsikana woseka mokweza amene desiki yake sinkasowa maluwa m'botolo, n'chifukwa chake anamupatsa dzinalo. Amayi atagonekedwa m'chipatala chaka chatha, iyeyo ndi amene ankabwera kudzawachapira zovala.

"Wamutchula Namaluwa?" anafunsa amayi modabwa.

"Sabata yatha ndinamuona akujambula maluwa ake ndi foni, sikirini yanga ili kumbuyo. Ndinanena zimenezo. Analira, amayi. Analumbira kuti si iye. Koma amulanda kiyi n'kumuuza kuti adikire kunyumba. Ine andiuza ndipite mawa m'mawa ndikamve chigamulo." Anagwira mutu ndi manja onse. "Munthu amene ndimadya naye m'mbale imodzi! Ndinamulakwira chiyani?"

Wailesi anatsamira kabati. Anaganiza kuti akangokhala chete, palibe adzadziwe. Anzake a kusukulu sankadziwa kumene mkulu wake amagwira ntchito. Chithunzi anali atafufuta kale m'foni. Chimene chinkafunika n'kungotseka pakamwa, chinthu chimene anthu akhala akumupempha moyo wake wonse.

"Tandionetsa chithunzi chakecho," anatero amayi.

Mkuluyo anapereka foni. Amayi sankaona bwino zapafupi, choncho anaitalikitsa, kenako n'kuiyandikitsa, akutsinzinira diso limodzi. Za makompyuta sankazidziwa, ndiye maso awo sanakhalitse pakati pa chithunzicho. Anayendayenda m'mphepete. Wailesi anaona chala chawo chachikulu chikuima pakona ya m'munsi, pamene laputopu inathera. Pamenepo pankaoneka kachidutswa kakang'ono ka tebulo: theka la lalanje, ndi kadontho kakuda kopsa ndi simbi.

Amayi anaika foniyo pa tebulo pang'onopang'ono, pafupi ndi popsa paja. Kenako anadzutsa maso n'kuyang'ana mwana wawo wamng'ono. Sanali maso aukali. Anali maso odikira.

Kunja kunkamveka ana akusewera mpira, ndi wogulitsa zinthu akuitanira malonda ake kumsewu.

"Achemwali," anatero Wailesi. "Achemwali, si a Namaluwa."

Mkuluyo anadzutsa mutu. "Ukudziwapo chiyani iwe?"

"Ndine. Loweruka, mvula ija. Munasiya laputopu osatseka."

Mkulu wake anamuyang'ana ngati sakumva chinenerocho. Kenako anatola foni, n'kuona pamene amayi analoza, n'kuona tebulo. Nkhope yake inasintha.

"Iwe?"

"Ndimafuna kungomuonetsa munthu mmodzi. Amandiseka, amanditchula kuti…"

"Amakuseka!" Mkuluyo anaimirira mpaka mpando unagunda kabati, mbale za m'katimo n'kulira. "Amakuseka, ndiye wagulitsa ntchito yanga kuti asiye kukuseka? Ukudziwa zaka zimene ndakhala ndikudikira kuti andipatse ntchito yaikulu ngati imeneyi? Ndipo wandisiya ndinamizire munthu wosalakwa pamaso pa anthu! Unali pomwepa, ukundimva ndikumunena, uli duu!"

"Pepani, achemwali."

"Pepani wakoyo ndipite naye kuti?"

Mkuluyo analowa kuchipinda n'kumenyetsa chitseko. Wailesi anakhala pansi pomwe anaimapo, misozi ikutsika. Amayi sanamutonthoze, komanso sanamukalipire. Anakoka mpando n'kukhala.

"Madzi akatayika saoleka, mwanangu," anatero patapita kanthawi. "Koma pali mwana wa eni ake amene akulira kwawo pa mlandu wosaudziwa. Zimenezo ndiye zikadatheka kukonza."

Dzuwa litapendeka, mkuluyo anatuluka m'chipinda. Ukali unali utaphwa, patatsala kutopa. Anakhala moyang'anana ndi amayi, osamuyang'ana mng'ono wake.

"Amayi, mukudziwa tanthauzo lake? Ndikakanena zoona, ndiye kuti ndaulula kuti ndinabwera ndi laputopu kunyumba. Limenelo ndi lamulo loyamba. Akhoza kundichotsa pompo. Ndikakhala chete, mwina ine ndipulumuka."

"Ndipo Namaluwa?"

Mkuluyo ankakanda popsa paja ndi chikhadabo.

"Ndipita ndine," anatero Wailesi. "Ndikanena kuti ndinachita kuba laputopuyo m'chikwama mwanu, inu osadziwa."

"Ukufuna kuchapa matope ndi matope?" anatero mkuluyo, akumuyang'ana koyamba. "Nanga m'chikwamamo inalowa yokha? Ayi. Ngati tikukanena, tikanene zonse. Mawa kusukulu supita. Uvale yunifolomu, tipitira limodzi."

M'mawa mwake anakwera minibasi osayankhulana. Kampaniyo inali m'nyumba yaitali ya njerwa, kuseri kwa malo ogulitsira matayala. Atangolowa, Wailesi anamva fungo la inki ndi guluu, ndi kugunda kwa makina kumene kunkanjenjemeretsa pansi. Anadutsa m'chipinda cha madesiki. Anthu anasiya ntchito n'kumawayang'ana. Pa desiki ina panali botolo la maluwa ofota, mpando wake uli wopanda munthu.

Abwana anali bambo wamfupi wa imvi, manja a malaya atapinda. Anayang'ana yunifolomu ya Wailesi n'kukwinya nkhope.

"Uyu ndiye ndani? Kuno si kusukulu."

"Ndi mng'ono wanga, bwana. Ali ndi mawu. Inenso ndili nawo."

Wailesi anali atakonza mawu ambiri m'minibasi, koma onse anabalalika. Ananena mwachidule, maso ali pa nsapato zake: za mkangano wa kusukulu, za mvula, za foni. Iye amene ankatha kukometsa nkhani iliyonse, imeneyi anaisiya yosakometsa. Atamaliza, mkulu wake anawonjezera zake.

"Laputopu ndinapita nayo kunyumba ndine, ndikudziwa kuti n'zoletsedwa. Ndipo dzulo ndinatchula Namaluwa popanda umboni. Iye sanalakwe chilichonse."

Abwana anavula magalasi n'kutikita maso.

"Mtsikana iwe," anatero kenako, "tabwera pawindo apa."

Windolo linkayang'ana m'chipinda cha makina. Pansipo amuna ndi akazi ovala maovolosi ankakoka mapepala akuluakulu obiriwira n'kumawaunjika pakona.

"Ukuona mulu uwo? Zikwangwani zimene tinayamba kusindikiza. Zonse zikupita kokadulidwa. Eni ake atilanda ntchito dzulo madzulo, apereka kwina. Anthu ukuwaona pansiwo anagwira ntchito Loweruka ndi Lamlungu, kusiya ana awo kunyumba. Iwe anzako aja anakuwombera m'manja?"

"Eya, bwana," anayankha monong'ona.

"Chabwino. Bola wina anapindulapo."

Mawu amenewo anamupweteka kuposa kukalipa. Abwana anabwerera pa mpando wawo n'kuyang'ana mkuluyo.

"Ukanakhala chete, ndikanachotsa munthu wosalakwa, ndipo tsiku lina ndikanadziwa. Pa chifukwa chimenecho sindikuchotsa. Koma pa desiki paja suyandikiraponso mpaka ndidzanene ine. Kuyambira lero ukagwira kumbuyo, kodula ndi kumanga mapepala. Ndipo Namaluwa ukamuuza wekha, pamaso pa anthu omwe aja unamunenera."

"Zikomo, bwana," anatero mkuluyo.

Abwana anamuitanitsa Namaluwa tsiku lomwelo. Wailesi anali ataima pakhomo la chipinda cha madesiki pamene mkulu wake ankapepesa, anthu onse akumva. Namaluwa anamvetsera mpaka kumapeto, nkhope ili gwa.

"Ndamva," anatero. "Mwana ndi mwana, angalakwe. Koma iwe, pa anthu onse ali muno, dzina limene linabwera msanga pakamwa pako linali langa." Anakhala pansi, n'kutembenuzira mpando wake ku khoma.

Masabata anadutsa. Kunyumba mkuluyo ankayankhula ndi mng'ono wake zofunikira zokha: mchere uli kuti, watseka chitseko kodi. Kukokana tsaya kuja kunatha. Ankabwera madzulo msana ukuwawa, zala zili ndi timabala tambirimbiri, ndipo ankaziviika m'madzi ofunda asanadye.

Tsiku lotulutsa kompyuta litafika, aphunzitsi anasonkhanitsa kalabu yonse n'kuonetsa mwambowo pa khoma. Munthu wa suti anayankhula nthawi yaitali, kenako anakoka nsalu ija. Inali yomweyo: yopyapyala, ya mwendo umodzi, ya chogwirira pamwamba, yobiriwira. Chipinda chinaphulika.

"Wailesi! Wailesi! Wailesi!"

Pulofesa anadutsa pakati pa anzake n'kutambasula dzanja. "Ndagonja," anatero. "Chaka chamawa utsogolere kalabu ndiwe. Koma tatitsina khutu, munthu wako uja akuti chikubwera n'chiyani? Akuti atulutsanso ina yaing'ono."

Onse anatchera khutu. Wailesi anayang'ana nkhope zawo, zonse zili ndi njala ya nkhani. Anatola chikwama chake.

"Munthu wanga ali kuntchito," anatero. "Ndikupita kukamuthandiza."

Anatuluka anzake akudabwa. Anakwera minibasi, n'kutsika pa malo ogulitsira matayala paja, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba ya njerwa. Chitseko chachikulu cha kumbuyo chinali chotsegula. Mkulu wake anali m'katimo atavala ovolosi yomukulira, akumanga mitolo ya mapepala ndi chingwe. Wailesi ali pakhomo, Namaluwa anatulukira ndi mapepala m'manja, n'kuwaika pa tebulo la mkuluyo, n'kubwerera osanena liwu. Mkuluyo anamutsatira ndi maso mpaka chitseko chinatsekeka. Kenako anaona mng'ono wake.

"Ukufuna chiyani kuno?"

"Ndinapempha abwana dzana. Akuti ndikaweruka ndikhoza kumabwera kudzanyamula mitolo, bola ndisayandikire makina."

Mkuluyo anakoka chingwe n'kumanga mfundo. "Ndamva kuti aitulutsa lero."

"Eya."

"Ili ngati mmene inalili pa chithunzi?"

"Ndendende."

"Ndiye wapambana," anatero mkuluyo. Sananene mwaukali kapena monyoza. Anangonena.

Wailesi anapukusa mutu. Anaika chikwama pansi, n'kupita pa mtolo waukulu umene unali pafupi ndi chitseko, n'kugwira mbali imodzi. Anayesa kuudzutsa, koma sunasunthe. Anayesanso, mpaka nsapato zinaterereka.

Mkulu wake anamuyang'ana kanthawi. Kenako anapukuta manja pa ovolosi, n'kubwera kudzagwira mbali inayo.

"Usagwire m'mphepete," anatero. "Lowetsa manja pansi. Mapepala amacheka."